Momwe Mungakololere Gasi wa Methane pa Mtaya wa Zinyalala n'Kumuyeretsa Kuti Agulitsidwe

Zinyalala zikaunjikidwa n'kukwiriridwa, nkhani yake sithera pomwepo. Pansi pa muluwo, pomwe mpweya wa kunja sufika, mabakiteriya amayamba kudya mikute, makoko a nthochi, masamba, mapepala, nsanza za thonje ndi china chilichonse chotha kuwola, ndipo akamadya amatulutsa gasi amene pafupifupi theka lake ndi methane, theka linalo ndi carbon dioxide. Methane ameneyu ndi yemweyo amene amachuluka mu gasi wachilengedwe yemwe mayiko ena amakumba pansi pa nthaka ndi pansi pa nyanja n'kumatumiza m'mapaipi kupita kumafakitale ndi m'makhitchini. Kusiyana kwake n'kwakuti wa pamtaya amatuluka ali wonyowa, wonunkha ndiponso wosakanikirana ndi zinthu zina, moti mphamvu yake imangofika pafupifupi theka la mphamvu ya gasi wogulitsidwa. Tisamusokonezenso ndi gasi wa m'masilinda amene timaphikira m'matauni mwathu, chifukwa ameneyo ndi propane ndi butane, ndipo silinda yake siingapirire mphamvu imene methane amafuna kuti apanikizidwe.

Ntchito yoyeretsa gasi wa pamtaya kuti alowe m'mapaipi a malonda si yachilendo. Inayamba mu 1975 pa mtaya wa Palos Verdes ku California, ndipo mtaya waukulu wa Fresh Kills ku New York unayamba kugulitsa gasi woyeretsedwa mu 1982. Zaka zonsezi zaphunzitsa akatswiri mfundo imodzi imene anthu oyamba kumene amaiona mochedwa: ubwino wa gasi amene mudzagulitse umapangika pamulu pa zinyalala, osati m'makina onyezimira a kufakitale. Carbon dioxide amachotseka, madzi amachotseka, fungo limachotseka, koma mpweya wa kunja ukangolowa m'muluwo n'kusakanikirana ndi gasi, kuutulutsamo kumadya ndalama zochuluka kwambiri. Choncho pa sitepe iliyonse muzidzifunsa ngati zimene mukuchitazo zikutseka mpweya wa kunja kapena zikuuitana.

Yambani ndi mtaya weniweniwo

Si mtaya uliwonse umene ungapereke gasi wogulitsa. Malo amene magalimoto amangokhuthula zinyalala pamtunda, mbuzi ndi agalu n'kumafukula, moto n'kumanyeka chaka chonse, amatulutsa methane ndithu, koma amamutayira m'mlengalenga kudzera paliponse, ndipo mukakumba chitsime chokokera gasi n'kuyamba kukoka mudzangokoka mpweya wa kunja. Mitaya yambiri ya m'mizinda yathu, monga wa Mzedi ku Blantyre ndi wa ku Area 38 ku Lilongwe, ndi yotayira pamtunda, kotero kwa khonsolo imene ikulota za gasi ntchito yoyamba si kugula makina koma kusintha katayidwe ka zinyalala. Mtaya woyenera umakhala ndi pansi potsekedwa ndi dongo lotsenderedwa ndi chinsalu chokhuthala cha pulasitiki, umakhala ndi mapaipi otulutsa madzi onunkha amene amatsika m'zinyalala, ndipo zinyalala zake zimatsenderedwa ndi makina olemera n'kukwiriridwa ndi dothi tsiku lililonse. Muluwo uyeneranso kukhala wakuya, mamita osachepera 10 mpaka 15, chifukwa pamulu wosaya mtunda wochoka pamwamba kukafika pomwe chitsime chikukokera umakhala waufupi kwambiri.

Pamitaya yotereyi pamakhalanso anthu amene amapeza chakudya potola mabotolo, zitsulo ndi mapulasitiki. Kukwirira zinyalala tsiku lililonse kumawatsekera mpata, ndipo dongosolo limene silinawapatse malo osankhira zinthu zinyalala zisanakwiriridwe limadzakumana ndi mkangano komanso mapaipi odulidwa.

Mukakhutira ndi mamangidwe a mtayawo, fufuzani kuchuluka kwa gasi amene ungapereke. Sonkhanitsani mabuku a pasikelo osonyeza matani amene analowa chaka ndi chaka, ndipo tengani zinyalala za magalimoto angapo, muziyale pansi, muzisankhe m'magulu n'kuyeza kuti zowola ndi zochuluka bwanji poyerekeza ndi dothi, phulusa, magalasi ndi mapulasitiki, zomwe sizitulutsa gasi ngakhale pang'ono. Bungwe la EPA, loona za chilengedwe ku America, lili ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa LandGEM imene imawerengera gasi woyembekezeka potengera matani a chaka chilichonse, liwiro la kuwola, ndi methane yense amene tani imodzi ingatulutse. Bungwe lomweli limaona mtaya wokhala ndi matani 1 miliyoni kapena kuposerapo ngati woyenera kuuganizira, ndipo limati matani 1 miliyoni amatulutsa gasi pafupifupi makyubiki mita 500 pa ola. Theka la gasiyo likakhala methane, ndiye kuti muli ndi makyubiki mita 250 pa ola, ndipo popeza kyubiki mita imodzi ya methane ili ndi mphamvu yofanana pafupifupi ndi lita imodzi ya dizilo, mutha kuona nokha chifukwa chake amalonda amachita chidwi ndi zinyalala.

Manambala amenewa muwalandire mosamala, chifukwa anachokera ku zinyalala za ku America, zomwe zimachuluka mapepala ndi makatoni owola pang'onopang'ono. Zinyalala za m'mizinda yotentha zimachuluka zakudya ndi masamba a kumsika, ndipo mvula ikazinyowetsa zimawola msanga, gasi n'kubwera mwamphamvu m'zaka zoyambirira kenako n'kutsika msanganso. Mapulojekiti ambiri a m'mayiko osauka anapeza gasi wocheperapo kusiyana ndi amene kompyuta inalonjeza, chifukwa cha moto, madzi odzaza m'muluwo ndi kukwirira kosakwanira. N'chifukwa chake musasayine ngongole ndi pepala la kompyuta lokha. Kumbani zitsime zochepa zoyesera, lumikizani makina okoka ang'onoang'ono ndi chumuni chowotchera gasi, ndipo kokani kwa masabata angapo mukulemba kuchuluka kwa gasi ndi mlingo wa methane tsiku ndi tsiku, kufikira manambalawo atakhazikika. Ngati n'kotheka yesani m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, chifukwa dothi lonyowa limatseka ming'alu pomwe dothi louma limang'ambika n'kulowetsa mpweya.

Kukumba zitsime ndi kuyala mapaipi

Chitsime cha gasi chimafanana ndi mjigo, kungoti dzenje lake ndi lalikulu, masentimita 60 mpaka 90 m'mimba mwake, ndipo limakumbidwa m'zinyalala. Kumbani mpaka pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a kuya kwa muluwo, ndipo siyani mamita angapo pakati pa mapeto a dzenje ndi chinsalu cha pansi, chifukwa chinsalucho chikabooka madzi onunkha adzalowa m'nthaka n'kuipitsa zitsime za anthu oyandikana nawo. Pachifukwa chimenechi wokumba azikhala ndi mapu osonyeza kuya kwa malo alionse asanatsitse chitsulo. M'dzenjemo mumatsitsa paipi ya pulasitiki yolimba ya mtundu wa HDPE kapena PVC, ya masentimita 10 mpaka 20, imene chigawo chake cha m'munsi chili ndi mabowo pomwe cha kumtunda chilibe. Kuzungulira chigawo cha mabowocho mumathira miyala ya kwale yotsukidwa, yosakhala ya laimu, chifukwa laimu amasungunuka ndi asidi wa m'zinyalala n'kutseka mabowo. Pamwamba pa miyalayo mumaika dongo la bentonite, limene limatupa likanyowa n'kugwira paipi mwamphamvu, kenako dothi, kenakonso bentonite pafupi ndi pamwamba. Dongo limeneli ndi limene limatsekereza mpweya wa kunja kuti usatsike motsatira paipi, ndipo chitsime chimene chamatidwa mwaulesi chidzakuvutitsani moyo wake wonse.

Kawirikawiri pamakhala chitsime chimodzi pa ekala iliyonse, koma kwa wofuna gasi wogulitsa ndi bwino kukumba zitsime zambiri zoyandikana n'kumakoka pang'onopang'ono pa chilichonse, kusiyana ndi zitsime zochepa zokokedwa mwamphamvu. Zitsime za m'mphepete mwa muluwo, pomwe zinyalala zili zosaya, zimalowetsa mpweya mosavuta, choncho ambiri amazipatsa paipi yawoyawo yopita ku chumuni kuti gasi wake asaipitse wa pakati. Kumalo kumene magalimoto akadathirabe zinyalala, mmalo mwa zitsime zoimirira mumayala mapaipi a mabowo chogona m'ngalande za miyala, ndipo simuyamba kuwakoka mpaka atakwiririka ndi zinyalala zokwanira pamwamba.

Pamutu pa chitsime chilichonse pamakhala valavu yochepetsera kapena kuonjezera kukoka, timabowo tolowetsapo chida choyezera, ndi paipi yofewa yolumikizira ku paipi yaikulu. Kufewako n'kofunika chifukwa mulu wa zinyalala umatitimira chaka ndi chaka pamene zikuwola, ndipo cholumikizira chouma chimathyoka. Kutitimira komweku n'kumene kumabweretsa vuto lina limene limadabwitsa oyamba kumene. Gasi amatuluka m'muluwo ali wofunda ndiponso wodzaza nthunzi, ndipo akafika m'paipi yozizira nthunziyo imasanduka madzi, monga madontho amene amasonkhana kunsi kwa chivundikiro cha mphika wa nyemba. Paipi ikapindika pamalo potitimira, madziwo amadikha pamenepo, ndipo mukaika khutu mudzamva akuchita phokoso ngati m'mimba mwa munthu wanjala pomwe singano ya choyezera ikukwera ndi kutsika. Mukachedwa, paipi yonse imatsekeka ndipo zitsime za kuseri kwake zimaleka kupereka gasi. Yalani mapaipi motsetsereka, mamita 3 mpaka 5 pa mamita 100 alionse pamene akudutsa pamwamba pa zinyalala, ndipo pamalo alionse otsika ikani kadzenje kotchera madziwo, kokhala ndi msampha wa madzi woletsa mpweya kulowera pomwepo. Ndi nzeru kuyala paipi yaikulu mozungulira mtaya wonse ngati mkombero, kuti mbali imodzi ikatsekeka gasi adzere mbali inayo.

Mapaipi onse amakathera pa makina okoka, ndipo pambali pake pamaima chumuni chowotchera gasi. Chumunichi musachione ngati chinthu chotaya ndalama. Fakitale yoyeretsa idzaima nthawi zina, magetsi adzazima, wogula adzakana gasi tsiku lina, koma mabakiteriya sapuma, ndipo gasi amene simukumukoka amafuna njira yake. Ku Britain chumuni chotsekedwa chimayembekezeka kutentha gasi pa madigiri 1,000 a Celsius kuti zoipa zonse zipse. Methane amasunga kutentha m'mlengalenga kuposa carbon dioxide pafupifupi ka 28 pa zaka 100, choncho ngakhale kungomuwotcha kumene kuli ndi phindu lake.

Ngozi yake ndi yeniyeni. Methane amaphulika akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti mu mpweya, ndipo amatha kuyenda pansi pa nthaka kukatulukira m'nyumba za kutali. Mu Malichi 1986, m'mudzi wa Loscoe ku England, nyumba inaphulika n'kugumuka chifukwa cha gasi amene anachokera pamtaya wapafupi kudzera m'ming'alu ya miyala, ndipo mu Epulo 1993 kuphulika kwa gasi pa mtaya wa Ümraniye ku Istanbul kunagwetsa phiri la zinyalala n'kupha anthu 39. Kumbani timabowo toyezera kuzungulira malire a mtaya, muzitiyeza kawirikawiri, ndipo munthu asatsike m'dzenje lililonse la pamalopo popanda chida cholira chikamva gasi ndiponso mnzake womudikira pamwamba.

Kuchuna zitsime

Apa m'pamene pagona ntchito yonse, ngakhale kuti pamaoneka ponyozeka. Munthu mmodzi amavala majombo, amanyamula chida choyezera gasi chachikulu ngati wailesi yam'manja, ndipo amayenda chitsime ndi chitsime. Pa chilichonse amalowetsa kapaipi kofewa pakabowo, amadikira manambala kuti akhazikike, kenako amalemba methane, carbon dioxide, okosijeni, kutentha, ndi mphamvu ya kukoka. Akaphatikiza magasi atatuwo n'kuchotsera pa 100, chotsalacho nthawi zambiri ndi nayitirojeni wochokera ku mpweya wa kunja, ndipo nambala imeneyo ndi imene imamuuza zoona za chitsimecho. Akatero amapotoza valavu pang'ono chabe, n'kupita pa chotsatira, ndipo sabwerera kudzapotozanso tsiku lomwelo, chifukwa mulu umatenga masiku kuti uyankhe. Zitsime zoyandikana zimalimbirana gasi mmodzi yemweyo, moti mukatsegula ichi mwachepetsa cha apocho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wopupuluma amangozungulira mtaya wonse kukonza zimene anaononga yekha dzulo.

Chifukwa chimene nayitirojeni amadetsera nkhawa chimaoneka bwino m'masamu. Tiyerekeze kuti gasi wofika kufakitale ali ndi methane 56 peresenti, carbon dioxide 42 peresenti, ndi nayitirojeni 2 peresenti. Mukachotsa carbon dioxide yense, mwatsala ndi magawo 58, ndipo 56 mwa magawowo ndi methane, kutanthauza gasi wa methane woposa 96 peresenti, amene makampani ambiri a mapaipi angamulandire. Tsopano wina akoke mopitiriza muyezo mpaka gasiyo akhale ndi methane 50, carbon dioxide 40 ndi nayitirojeni 10. Makina omwewo, atagwira ntchito yawo bwinobwino, adzakupatsani methane 50 mwa magawo 60, omwe ndi 83 peresenti basi, ndipo wogula adzatseka valavu yake. Wopanga magetsi ndi injini atha kupirira gasi wotere, koma wogulitsa m'mapaipi sangathe.

Manambala omwewo amakuuzaninso pomwe mpweya ukulowera. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitirojeni 78 peresenti ndi okosijeni 21 peresenti, pafupifupi magawo anayi pa gawo limodzi. Mukapeza magasi awiriwa ali pa mlingo umenewo m'chitsime, mpweyawo walowa chapafupi, mwina pacholumikizira chong'ambika kapena pa dongo losweka, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Koma mukapeza nayitirojeni wambiri pomwe okosijeni ali wochepa, ndiye kuti mpweyawo wadutsa m'zinyalala ndipo okosijeni wadyedwa m'njira, zomwe zimapha mabakiteriya opanga methane komanso kutenthetsa muluwo. Aliyense amene anaonapo uvuni wa makala amadziwa kuti nkhuni zimapsa bwinobwino pansi pa dothi bola kampweya kazilowa pang'ono, ndipo moto wa m'kati mwa mtaya umayaka chimodzimodzi, miyezi ndi miyezi, n'kumasungunula mapaipi. Malamulo a ku America kwa nthawi yaitali ankafuna kuti pamutu pa chitsime okosijeni asafike 5 peresenti ndipo kutentha kusafike madigiri 55, koma wofuna gasi wogulitsa amadziikira malire okhwima kuposa pamenepo. Mukaona kutentha kukukwera, carbon monoxide (gasi wosonyeza kuti pansi pakunyeka) akuoneka pachoyezera, kapena dothi latitimira mwadzidzidzi, tsekani zitsime za pamalopo n'kuthirapo dongo lonyowa. Musafukule kuti muone, chifukwa kufukula ndi kuupatsa moto mpweya umene ukuufuna.

Vuto lina la zitsime ndi madzi. M'dzinja madzi amakwera m'chitsime mpaka kumiza mabowo, gasi n'kusowa polowera, choncho muziyeza kuya kwa madziwo ndipo pomwe achuluka ikani pampu yoyendera mpweya wopanikizidwa, osati ya magetsi wamba imene ingathethetse moto.

Kuyeretsa

Gasi akafika kufakitale amadutsa m'magawo otsatizana, ndipo dongosolo lake silisinthidwa mwachisawawa, chifukwa gawo lililonse limateteza lotsatira. Poyamba mumachotsa madzi ndi fumbi pomudutsitsa m'thanki yogwetsa madontho ndi m'masefa, kenako n'kumuziziritsa mpaka pafupifupi madigiri 4 kuti nthunzi yotsala igwe. Chachiwiri ndi hydrogen sulphide, gasi wonunkha ngati mazira owola, amene amadya zitsulo akakumana ndi madzi ndiponso amapha munthu. Choopsa chake n'chakuti akachuluka amafoola mphuno, moti fungo likatha mwadzidzidzi si umboni woti zinthu zili bwino. Amachuluka kwambiri pa mitaya imene imalandira zigumuka za nyumba zokhala ndi gypsum, mwala wofewa wopangira pulasitala ndi masiling'i. Amachotsedwa pomudutsitsa m'matanki odzaza timibulu ta dzimbiri la chitsulo kapena makala okonzedwa mwapadera, ndipo matankiwa aikidwe awiriawiri motsatizana kuti loyamba likakhuta lachiwiri lizigwira ntchito pomwe mukusintha za m'kati mwa loyambalo. Makampani ambiri a mapaipi ku America salola gasiyu kuposa magawo anayi pa miliyoni.

Pali mdani wina wosaoneka amene dzina lake ndi siloxane. Amachokera m'zotsalira za mafuta odzola, sopo wa tsitsi ndi zonunkhiritsa m'khwapa zimene anthu amataya, ndipo gasi akamayaka siloxane amasanduka ufa woyera wolimba ngati mchenga umene umamatirira m'mainjini n'kumakanda zitsulo. Amagwidwa ndi makala okonzedwa aja kapena timibulu ta silica gel, pamodzi ndi nthunzi za penti, zosungunulira ndi mankhwala ena a m'zinyalala. Musayese kusunga ndalama pagawoli, chifukwa zonyansa zimenezi zikadutsa zimakaononga makina okwera mtengo kwambiri a kutsogolo.

Kuchotsa carbon dioxide kuli ndi njira zingapo, ndipo zambiri zimafuna kuti gasi ayambe wapanikizidwa ndi kompuresa. Njira yosavuta kuimvetsa ndi ya madzi: carbon dioxide amasungunuka m'madzi mosavuta kwambiri kuposa methane, monga amachitira m'botolo la chakumwa chozizira lisanatsegulidwe, choncho gasi akakwera m'thanki yaitali pomwe madzi akutsika, madziwo amatenga carbon dioxide ndipo methane amatulukira pamwamba. Madziwo akapita m'thanki ina yopanda kupanikiza amatulutsa zimene anamwa n'kubwereranso. Mankhwala ena amadzimadzi, monga Selexol ndi amine, amagwira ntchito yomweyo mwamphamvu kuposa madzi. Njira ina, yotchedwa PSA, imagwiritsa ntchito matanki angapo a timibulu timene timagwira carbon dioxide gasi akapanikizidwa n'kumutaya kupanikiza kukachepa, matankiwo n'kumalandirana ntchito. Njira imene yafala masiku ano ndi ya ma membrane, omwe ndi mitolo ya timapaipi tatingonoting'ono ngati tsitsi, timene khoma lake limalola carbon dioxide kudutsa msanga pomwe methane amatsalira m'kati. Kwa mtaya wapakatikati wokhala kutali ndi akatswiri, ine ndingakonde ma membrane chifukwa alibe ziwalo zambiri zoyenda ndipo mutha kuonjezera mitolo gasi akamachuluka, koma ndi omwenso amaonongeka msanga ngati magawo oyambirira aja anyalanyazidwa. Njira iliyonse imataya methane pang'ono pamodzi ndi carbon dioxide, ndipo gasi wotayidwayo ayenera kuwotchedwa, osati kungomulekerera m'mlengalenga.

Nayitirojeni amatsalira pamodzi ndi methane m'njira zonsezi chifukwa awiriwa amafanana kwambiri kukula ndi khalidwe. Akakhala wambiri pamafunika gawo lina lapadera, mwina PSA ya mtundu wina kapena kuziziritsa koopsa. Njira yoziziritsayi imatsata nzeru yomwe amatsata otcheza kachasu, yolekanitsa zinthu ziwiri potengera kusiyana kwa kutentha kumene chilichonse chimawirira, kungoti pano zonse zimachitika m'kuzizira: methane amasanduka madzi pa madigiri 162 kunsi kwa ziro, pomwe nayitirojeni amakhalabe mpweya mpaka madigiri 196 kunsi kwa ziro. Kampani ya ku France ya Waga Energy inaphatikiza ma membrane ndi njira imeneyi, ndipo makina ake oyamba anayamba kugwira ntchito mu 2017 pa mtaya wa ku Saint-Florentin. Makina oterewa amalola eni mtaya kukoka mwamphamvu pang'ono, koma amadya magetsi ndi ndalama, ndipo wochuna zitsime waluso amachepetsa ntchito yawo kwambiri. Okosijeni wotsala amachotsedwa payekha, chifukwa makampani a mapaipi amamuletsa mwamphamvu poopa dzimbiri.

Pomaliza gasi amaumitsidwanso, amapanikizidwa kufika pa mphamvu ya paipi ya wogula, ndipo amadutsa pachida chimene chimamuyeza usana ndi usiku. Akangotsika pa muyezo umene munagwirizana, valavu imatseka yokha n'kumubweza ku chumuni. Popeza methane woyera alibe fungo, amathiridwa mankhwala onunkha a mercaptan kuti akamatuluka pena pake anthu amve.

Wogula apezeke makina asanagulidwe

Ngakhale kuti nkhani ya msika yabwera kumapeto kuno, muyenera kuiyamba pamodzi ndi zitsime zoyesera zija, chifukwa muyezo wa wogula ndi umene umasankha makina. Pomwe pali paipi ya gasi pafupi, mumakambirana ndi eni ake za muyezo, malo olumikizira ndi amene alipire paipi yolumikizirayo, ndipo makilomita ochepa chabe atha kudya phindu lonse. Ku Malawi kulibe mapaipi otere, ndipo m'chigawo chino cha Africa imodzi mwa mapaipi akuluakulu odziwika ndi yochokera ku Temane ku Mozambique kupita ku Secunda ku South Africa, imene inayamba kugwira ntchito mu 2004. Pomwe palibe paipi, gasi amapanikizidwa kufika pa 200 bar kapena 250 bar, pafupifupi ka 100 kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, n'kuthiridwa m'masilinda apadera a magalimoto kapena kutumizidwa kufakitale pa thiraki. Wogula woyamba wanzeru ndi magalimoto otola zinyalala omwewo, chifukwa amabwera pamtaya tsiku lililonse. Pa mtaya wa Altamont ku California, kuyambira 2009, gasi ankamuziziritsa mpaka kukhala wamadzi, magaloni okwana 13,000 patsiku, n'kumayendetsera magalimoto a zinyalala.

Ndi bwinonso kudziwa kuti ku America malondawa anakula chifukwa cha malamulo, osati mtengo wa gasi wokha. Kuyambira 2014 boma la dzikolo limawerengera gasi wa pamtaya wogwiritsidwa ntchito m'magalimoto m'gulu la mafuta olandira ziphaso zamtengo wapatali, ndipo ndalama za ziphasozo nthawi zambiri zimaposa za gasiyo. Kumene kulibe chilimbikitso chotere, masamu atha kusonyeza kuti kupanga magetsi ndi kwabwino kuposa kuyeretsa. Mzinda wa Durban unasankha njira imeneyi pa mitaya yake ya Mariannhill ndi Bisasar Road, ndipo Johannesburg inachitanso chimodzimodzi pa mtaya wa Robinson Deep. Injini ya magetsi imafuna kuti muchotse madzi, hydrogen sulphide ndi siloxane basi, ndipo zitsime ndi mapaipi ake ndi omwewo amene mungadzagwiritse ntchito mukadzapeza wogula gasi woyeretsedwa.

Mumgwirizano wanu mulembedwe momveka bwino mwini gasi ndi ndani pakati pa khonsolo ndi kampani, amene ali ndi ulamuliro pa mavalavu a zitsime ndi ndani, komanso chochitika ndi chiyani pamene zofuna za awiriwa zasemphana. Kusemphanako kumabwera ndithu: mwini mtaya amafuna kukoka mwamphamvu kuti fungo lisavutitse anthu oyandikana nawo, pomwe mwini fakitale amafuna kukoka pang'ono kuti nayitirojeni asachuluke. Pezaninso zilolezo za chilengedwe ndi za bungwe loyang'anira mphamvu, lomwe ku Malawi ndi MERA, ntchito yomanga isanayambe.

Kukula kwa fakitale kutsate gasi wa zaka zapakati, osati wa chaka chimene adzachuluke kwambiri. Zinyalala zimayamba kutulutsa methane chaka chisanathe chikwiriridwe, gasi amakwera kwa zaka zingapo, ndipo mtaya ukatsekedwa amayamba kutsika chaka ndi chaka, ngakhale kuti amatha kutulukabe kwa zaka 20 kapena 30. Gulani makina a zigawozigawo amene mungaonjezere mtaya ukamakula ndi kuchotsa chigawo chimodzi n'kukachiika pamtaya wina gasi akayamba kuchepa. Fakitale ikadzatsekedwa, makina okoka, chumuni ndi timabowo toyezera ta m'malire tija zidzafunikabe kwa zaka zambiri, choncho ndalama zoziyendetsera zizipatulidwa kuchokera pa malonda a chaka choyamba.